Champions League ya amayi ya 2024/25: Győr yatenga chikho, nanga Vipers ndi Ludwigsburg zagwa bwanji?

Admin wa gulu
Moni nonse a pagulu. Nkhani ya Ludwigsburg mwaimva? Timu imeneyi inali akatswiri a ligi ya handball ya amayi ku Germany mu 2025, ndipo mu 2024, ikadali ndi dzina loti Bietigheim, inafika mu fainolo ya Champions League. Mu Julayi 2025 inalengeza kuti ndalama zaithera, ndipo kenaka osewera anauzidwa kuti aliyense adzifunire kolowera. Imeneyi ndi timu yaikulu yachiwiri kugwa mu 2025, chifukwa mu Januwale inali Vipers Kristiansand ya ku Norway.

Tisanayambe za sizoni ya 2025/26 tiyeni tiione kaye bwino ya 2024/25. Kwa amene sanatsatire: matimu anayi omaliza anakumana ku MVM Dome mumzinda wa Budapest. Pa 31 Meyi Győr ya ku Hungary inapambana Esbjerg ya ku Denmark 29-28, Odense ya ku Denmark inapambana Metz ya ku France 31-29 m'nthawi yoonjezera. Pa 1 Juni Esbjerg inatenga nambala 3 itagonjetsa Metz 30-27, ndipo mu fainolo Győr inagonjetsa Odense 29-27. Ndi chikho chachisanu ndi chiwiri kwa Győr. Inuyo sizoni imeneyi mudzaikumbukira ndi chiyani?

Golokipa wa ku Zomba
Ine ndi Katrine Lunde basi, golokipa amene anali wa Vipers. Mayi wa zaka 45, timu yake yagwa pakati pa sizoni, Odense yamutenga, miyezi yochepa ali mu fainolo. Anali kale ndi zikho 7 za Champions League: ziwiri ndi Viborg, ziwiri ndi Győr, zitatu ndi Vipers. Chachisanu ndi chitatu chinamuphonya ndi zigoli ziwiri. Mtima unandiwawa kwambiri tsiku limenelo.

Shuta wakale wa netball
Pepani abale, ine ndine mlendo pa masewera amenewa, mwana wanga ndi amene anandilowetsa pagulu pano. Ndaonera mbali zina za fainoloyo pa YouTube ndipo ndakopeka, koma zambiri sindikuzimvetsa. Amakankhana chotere woyimbira osaimba? Ndipo ndinaona timu ina ikusewera golo ili pululu, golokipa atakhala pa benchi. Zimenezi ndi zololedwa?

Aphunzitsi a PE
Takulandirani amayi. Ndifotokoze pang'ono kuti muzisangalala nawo bwino.

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 7, golokipa ndi ena 6. Bwalo ndi la mamita 40 mulitali ndi 20 mulifupi, ndipo amasewera zigawo ziwiri za mphindi 30. Kutsogolo kwa golo kuli mzere wokhota wa mamita 6, ndipo mkati mwake mumaponda golokipa yekha. Wosewera akhoza kudumphira m'menemo, bola mpira auponye asanatere pansi, n'chifukwa chake mumawaona akuuluka. Mpira uli m'manja amaloledwa masitepe atatu ndi masekondi atatu, kupitirira apo audunde pansi kapena apatsire mnzake.

Kukhudzana ndi kololedwa ngati mwakumana maso ndi maso. Kukoka kumbuyo, kukankha munthu ali m'mwamba kapena kumenya kumaso ndiye kumatulutsitsa munthu kwa mphindi 2, ndipo ukatulutsidwa katatu ndiye kuti masewera ako atha tsiku limenelo. Ukamuchimwira munthu amene anali ndi mpata woonekeratu wogoletsa, amapatsidwa penate ya pa mamita 7.

Za golo yopanda munthuyo, lamulo linasintha mu 2016. Timu ikhoza kutulutsa golokipa n'kulowetsa wosewera wina kuti akhale 7 polimbana ndi otchinga 6. Zimathandiza kupeza mpata, koma mpira ukangolandidwa, mdani amaponya kuchokera kutali n'kugoletsa mosavuta.

Shuta wakale wa netball
Zikomo aphunzitsi, tsopano zikumveka. Ndiye kuti woima pakati pa otchinga uja, wotembenukira golo kumbuyo, ntchito yake ndi yowawa zedi.

Aphunzitsi a PE
Mwaona bwino amayi, ndipo amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana ku Budapest mu 2025 ndi wa malo amenewo, Kari Brattset Dale wa Győr. Ntchito yake ndi kutsekereza otchinga ndi thupi kuti anzake apeze njira, kulandira mpira anthu awiri atamukanirira, n'kutembenuka akugwa. Akabwerera kumbuyo ndi iyenso amaima pakati pa khoma. Anthu ambiri amangoona oponya kuchokera kutali, koma ine zinandisangalatsa kuti ulemu unapita kwa munthu wa ntchito yotereyi.

Wa ku Leeds
Aphunzitsi, ulemu wanu, koma wosewera wa sizoni yonse ndi Henny Reistad wa Esbjerg, palibe kukambirana. Zigoli 154 mu sizoni imodzi. Mu 2022/23 anagoletsa 142, ndiye wadziposanso yekha. IHF, bungwe la handball padziko lonse, inamusankha kukhala wosewera wopambana padziko lonse mu 2023 ndi 2024. Chomvetsa chisoni ndi timu yake. Kuyambira 2022 mpaka 2025 Esbjerg inafika ku Budapest zaka zinayi zotsatizana osalowa mu fainolo ngakhale kamodzi. Taonani mmene yakhala ikugonjera mu semifainolo: 2023 inagonja 30-29 kwa FTC ya ku Hungary, 2024 inagonja 24-23 kwa Győr, 2025 yagonja 29-28 kwa Győr yomweyo. Chigoli chimodzi zaka zitatu.

Aphunzitsi a PE
Sitikutsutsana achimwene. Ine ndimanena za masiku awiri a ku Budapest, inu mukunena za sizoni yonse. Koma zigoli 154 zimenezo zikuonetsanso vuto la Esbjerg. Mphindi zisanu zomaliza aliyense m'holo amadziwa kuti mpira upita kwa Reistad, ndipo otchinga amadziwanso. Ku Győr sungadziwe. Akhoza kuponya Estelle Nze Minko, Bruna de Paula, Veronica Kristiansen, Kristina Jørgensen kapena Dione Housheer. Mu handball kusintha osewera kulibe malire, ndiye timu yokhala ndi anthu awiri abwino pa malo aliwonse imafika kumapeto ikadali ndi mphamvu.

Mchemwali wa ku Joni
Apo ndi pamene pali nkhani yanga. Housheer ndi Bo van Wetering anachokera ku Odense. Jørgensen ndi golokipa Hatadou Sako anachokera ku Metz. Kelly Dulfer anachokera ku Bietigheim. Onsewa anafika ku Győr mu 2024. Ndiye Győr inatenga osewera ku matimu omwe inkalimbana nawo, kenaka n'kukagonjetsa ena mwa matimu omwewo. Sindikuwanena zoipa, malamulo sanaphwanye, koma ine sizinditsitsimula mtima. Stine Oftedal, katswiri wa Győr, atapuma mu 2024 tinkati mwina mpata watseguka kwa ena. Sizinatero.

Wamng'ono pagulu
Anti, koma anapambana ndi chigoli chimodzi mu semi ndi ziwiri mu fainolo. Si kuti anangodutsa ayi.

Mchemwali wa ku Joni
Zoona mwanawe, sanangodutsa. Koma kumbukira kuti Odense inasewera mphindi 70 Loweruka, n'kubweranso Lamulungu. Pamasewera awiri m'masiku awiri, benchi ndi imene imapambana, ndipo benchi imagulidwa ndi ndalama.

Golokipa wa ku Zomba
Achemwali mukunena zoona za benchi. Győr inali ndi Sandra Toft ndi Sako pagolo, onse a matimu a maiko awo. Mmodzi zikamuvuta, wina amalowa ndipo palibe chimatsika. Sako ndimamukonda chifukwa cha mmene amaseweretsera thupi lonse, ndipo anayamba waimira Senegal asanasewerere France, yomwe anatenga nayo chikho cha dziko lonse mu 2023.

Koma musaiwale Metz. Inadutsa gawo la magulu osagonja, inatulutsa Brest mu kotafainolo, ndipo mu semifainolo inatsogola nthawi yaitali. Odense inabwerera pang'onopang'ono mpaka kufanana mphamvu. Metz yafika ku Budapest mu 2019, 2022, 2024 ndi 2025 koma maulendo onsewa fainolo sinailawe. Kochi wawo Emmanuel Mayonnade amapanga timu yothamanga kwambiri, osewera abwino amagulidwa chaka ndi chaka, iye n'kupanga ena. Ameneyu ndimamufunira chikho tsiku lina.

Akauntanti
Moni nonse. Ndimawerenga mwakachetechete koma nkhani ya kugwa kwa matimu imene a Admin anayamba nayo ili pa ntchito yanga, ndiye ndilankhulepo motalika pang'ono.

Vipers inatenga Champions League katatu motsatizana. Mu 2021 inagonjetsa Brest 34-28, mu 2022 Győr 33-31, mu 2023 FTC 28-24. Fainolo ya 2023 inaoneredwa ndi anthu 20,022, chiwerengero chomwe chinali chisanachitikepo pa handball ya amayi. Kuchokera tsiku limenelo kufika Januwale 2025 sipanathe zaka ziwiri. Mu Okotobala 2024 akuluakulu a timu ananena poyera kuti akufunika makrona (ndalama za ku Norway) 25 miliyoni kuti apitirize, analengeza kuti timu yatha, kenaka panabwera anthu ofuna kuipulumutsa ndipo inapitiriza kusewera. Pa 13 Januwale zinathera pomwepo.

Tiyeni tione kumene ndalama zimachokera. Kristiansand ndi mzinda wa kumwera kwa Norway, si waukulu, ndipo holo yawo ya Aquarama imalowa anthu pafupifupi 2,000. Ndalama za pakhomo pamenepo sizingalipire osewera ngati Lunde, Anna Vyakhireva kapena Jamina Roberts. Onjezanipo maulendo. Gawo la magulu lili ndi matimu 16 m'magulu awiri, timu iliyonse imasewera masewera 14, ndipo 7 mwa amenewo ndi a kunja, ulendo wa ndege ku Romania, Montenegro, Hungary, France, gulu lonse ndi mahotela omwe. Mpata wotsalawo amatseka ndi makampani othandiza ndi anthu ochepa achuma. Iwowo akatopa, kapena bizinesi yawo ikavuta, palibe pena pogwira.

Győr ndi yosiyana. Mumzinda umenewo muli fakitale yaikulu ya Audi, ndipo dzina la kampaniyo lili m'dzina la timu ndi la holo yawo yolowa anthu oposa 5,000. Kuwonjezera apo, kuyambira 2011 dziko la Hungary lili ndi lamulo lotchedwa TAO, lomwe limalola makampani kupereka gawo la msonkho wawo ku masewera ena a matimu, kuphatikizapo handball. Zambiri mwa ndalamazo zimapita ku matimu a ana ndi kumanga maholo. Ndiye timu ya ku Hungary imayambira pamalo pomwe ya ku Norway kapena ku Germany siingafikepo popanda kubwereka.

Mfundo yanga ndi yakuti Vipers inafuna kuthamanga liwiro la Győr ndi thumba losafanana. Inakwanitsa zaka zitatu, ndipo amene analipira mtengo wake ndi osewera ndi ogwira ntchito.

Wa ku Leeds
Bambo akauntanti, ndamva, koma funso langa ndi ili. Mukadakhala sapota wa ku Kristiansand, mukadasankha chiyani: zikho zitatu za Ulaya kenaka timu n'kutha, kapena timu yokhalitsa zaka 50 yosatenga kanthu? Ine ndikudziwa anthu ambiri angasankhe zikho. Popanda matimu olimba mtima ngati Vipers, chikho chikadakhala cha Győr kuyambira 2017 mpaka lero. Kumbukirani anatenga 2017, 2018 ndi 2019, ndipo 2020 sizoni sinathe chifukwa cha Covid.

Akauntanti
Achimwene, sapota akhoza kusankha zikho chifukwa lendi yake sidalira timuyo. Funsani wosewera wa zaka 22 amene anasamuka kwawo, wasaina kontrakiti ya zaka ziwiri, ndipo pakati pa Januwale akuuzidwa kuti malipiro kulibe. Lunde anapeza timu msanga chifukwa ndi Lunde. Nanga wa pa benchi? Nanga amene anali wovulala nthawi imeneyo? Nanga wochapa mayunifolomu ndi wa mu ofesi? Ntchito ya wosewera ndi ya zaka zochepa, ndipo malipiro a handball ya amayi si oti munthu angasunge zodyera moyo wonse.

Ndiponso ku Norway si koyamba. Larvik inatenga Champions League mu 2011, ndipo mu 2019 inatsitsidwa mu ligi yaikulu chifukwa cha mavuto a ndalama.

Shuta wakale wa netball
Zimene akunena bambowa ndazionapo ndi maso ku netball kwathu kuno. Matimu athu ambiri amayendera dzina la kampani. Kampani ikangoti chaka chino sitikwanitsa, atsikana amasowa ndi ya minibasi yomwe yopitira ku training, ena n'kusiyiratu masewera ali ndi luso lawo. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Sindinkaganiza kuti ku Norway, dziko lolemera chotero, zingachitikenso.

Admin wa gulu
Pali chinanso chomwe sitinachikhudze. Vipers itachoka, masewera ake otsala anaperekedwa kwa adani awo osaseweredwa. Ndiye matimu ena anapeza mapointi atakhala pansi, pomwe ena anali atakumana kale ndi Vipers kawiri ikadali ndi osewera ake onse. Pa mpikisano umene matimu awiri apamwamba m'gulu amapita molunjika ku kotafainolo, ndipo a nambala 3 mpaka 6 amayamba adutsa masewera ena achipulumutso, mapointi awiri si nkhani yaing'ono. Kugwa kwa timu imodzi kunakhudza gulu lonse.

Aphunzitsi a PE
N'chifukwa chake ine ndimati EHF, bungwe la handball ku Ulaya loyendetsa mpikisanowu, ili ndi udindo. Timu isanaloledwe kulowa mpikisano, ionetse kuti malipiro a sizoni yonse alipo. Mavuto a Vipers sanayambe mu Januwale, anali akumveka kale.

Wa ku Leeds
Mukakhwimitsa chotero mutsala ndi matimu a ku Hungary, Romania ndi awiri atatu a ku Denmark ndi France. Ena onse adzaopa.

Akauntanti
Sikofunika kuti akhale ndi ndalama zonse mu akaunti tsiku loyamba. Chofunika ndi chikole cha kubanki chokwana malipiro a miyezi ingapo, choti timu ikagwa osewera alandire kaye asanapeze kwina. Timu yolephera kupeza chikole chotero ndiye kuti kale ikusewera ndi ndalama zomwe ilibe.

Wamng'ono pagulu
Ine ndifunse za Cristina Neagu. Ndinaona anthu akulira pa masewera ake omaliza. Anali wamkulu chotani?

Golokipa wa ku Zomba
Mng'ono wanga, unachedwa kubadwa. Neagu anasankhidwa kanayi kukhala wosewera wopambana padziko lonse, mu 2010, 2015, 2016 ndi 2018. Mu Champions League anagoletsa zigoli zoposa 1,000. Anavulala phewa ndi mabondo koopsa, kangapo konse, n'kumabwererabe. Chikho anatenga kamodzi, mu 2015 ndi Budućnost ya ku Montenegro. Anabwerera kwawo ku Romania, ku CSM București, mu 2017, timuyo itatenga kale chikho mu 2016, ndipo cholinga chinali chakuti atengenso limodzi. Anafika ku Budapest mu 2018 n'kuthera pa nambala 3, osabwererakonso. Mu 2025 Esbjerg ya Reistad ndi imene inawatulutsa mu kotafainolo. Kwa golokipa, chovuta pa Neagu chinali chakuti mkono wake sunkaonetsa kumene mpira ukupita mpaka utachoka m'dzanja.

Mchemwali wa ku Joni
CSM ndi chitsanzo chabwino kwa amene akuganiza kuti ine ndikunena kuti ndalama zokha ndi zokwanira. Akhala akugula osewera otchuka zaka zonsezi koma kuyambira 2019 mpaka 2025 ku Budapest sanafike. Győr ili ndi ndalama komanso dongosolo. Per Johansson anangofika mu Malichi 2024, sizoni ili kumapeto, ndipo watenga zikho ziwiri. Zimenezo ndikuvomera.

Wa ku Leeds
Pa makochi musamuiwale Ole Gustav Gjekstad. Zikho zitatu za Vipers zija ndi zake. Anapita ku Odense mu 2023, ndipo wafikitsa timuyo ku Budapest koyamba m'mbiri yake, n'kulowa mu fainolo. Timu ya ku Denmark inali isanafike mu fainolo chichokereni Viborg mu 2010. Panopa watenga timu ya dziko la Norway m'malo mwa Thorir Hergeirsson, amene anachoka atapambana golide wa Olympics ku Paris ndi chikho cha Ulaya mu 2024. Ndiye tsiku la fainolo, kochi wa Vipers ndi golokipa wa Vipers anali limodzi pa benchi ya Odense, timu yawo yakale kulibe. Mie Højlund, Helena Elver ndi Thale Rushfeldt Deila anasewera ngati anthu osaopa dzina la Győr.

Shuta wakale wa netball
Nanga kuno ku Africa mpikisano wotere ulipo?

Aphunzitsi a PE
Ulipo amayi, umayendetsedwa ndi CAHB, bungwe la handball mu Africa, ndipo kwa zaka zambiri chikho chimangozungulira mumzinda wa Luanda, pakati pa Petro de Luanda ndi Primeiro de Agosto. Mu 2019 Primeiro de Agosto inatenganso chikho cha matimu a makontinenti osiyanasiyana cha IHF Super Globe ku Wuxi, China. Osewera a ku Angola amafikanso mu Champions League ya Ulaya, monga Albertina Kassoma ndi Azenaide Carlos amene asewerapo ku Rapid București. Matimu awiri a ku Luanda aja nawonso ali ndi msana, ina ndi ya kampani ya mafuta, ina ndi ya asilikali. Nkhani ya bambo akauntanti ija ikubweranso apa.

Wamng'ono pagulu
Ndiye Győr ndi imene ili ndi zikho zambiri m'mbiri yonse?

Admin wa gulu
Ayi ndithu. Spartak Kyiv ili ndi 13, zonse za nthawi ya Soviet Union, ndipo Hypo Niederösterreich ya ku Austria ili ndi 8. Kufika mu 2025 Győr inali ndi 7: 2013, 2014, 2017, 2018, 2019, 2024 ndi 2025. Ikatenganso chimodzi ifanana ndi Hypo.

Golokipa wa ku Zomba
Ndangoona kuti malo a Ludwigsburg mu sizoni ya 2025/26 apatsidwa kwa Sola HK ya ku Norway.

Mchemwali wa ku Joni
Sola ndi timu yaing'ono, osewera ake ambiri ndi a ku Norway komweko. Ndikuwafunira zabwino. Angolowa ndi anthu omwe ali nawo, asakabwereke ndalama kuti agule mayina.

Wa ku Leeds
Akalowa ndi omwe ali nawo akavutika m'gulu, achemwali. Koma ndiwaonera, ndikufuna ndione Camilla Herrem wa Sola akuseweranso mu Champions League.

Akauntanti
Akavutike m'gulu, bola malipiro a Meyi adzatuluke. Masewera a 2025/26 ndi oyamba mu Seputembala 2025. A Admin, mutiikire ndandanda ikatuluka, ndi nthawi ya kuno kwathu, kuti tidziwe masiku ogula bandulo yoonera masewerawa pa EHFTV, TV ya pa intaneti ya EHF.